Mmene dalaivala wa ku Mulanje angasungire leni ndi mpata pa msewu waukulu

Dalaivala amene anaphunzira ntchito yake kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo anakulira pa msewu wa maleni awiri okha, ina yopita ina yobwera. Msewu wa M2, umene umachokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, pa boma la Thyolo ndi ku Luchenza mpaka kukafika pa chipata cha Muloza, ndi wotero, ndipo wa Midima nawonso ndi chimodzimodzi. Pa misewu imeneyi munthu amazolowera msanga kuyandikira kwambiri thirakitala ya tiyi kapena lole yokwera chitunda, n'kumasuzumira kumanja kuti aone ngati kwayera. Chizolowezi chimenechi, chomwe ngakhale kuno kumene n'choopsa, chimafika poipiratu tsiku limene munthu yemweyo walowa mu Masauko Chipembere Highway, msewu wolumikiza Limbe ndi Blantyre, kapena m'misewu yatsopano ya maleni ambiri ku Lilongwe, kapenanso pamene watumidwa ulendo wa ku Johannesburg. Kumeneko galimoto zimayenda mogundizana mapewa kulowera mbali imodzi, ndipo dalaivala amene sakudziwa malo ake amasokoneza anthu ambiri nthawi imodzi.

Malangizo otsatirawa ndi a munthu woti chiphaso choyendetsera galimoto ali nacho kale, koma misewu yotakata amayendamo mwa apo ndi apo, mwina popita ku chipatala cha Queens ndi wodwala kapena pokapikula katundu ku Limbe.

Leni ya kumanja ndi yobwereka

Kuno kwathu, monganso ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu. Pa msewu wa maleni awiri mbali iliyonse lamulo limeneli silitha ntchito ayi. Malo anu enieni ndi leni ya kumanzere, ndipo ya kumanja mumangoibwereka pa zifukwa ziwiri zokha, pamene mukudutsa galimoto yoyenda pang'onopang'ono ndi pamene mukukonzekera kukhotera kumanja. Chinthu chobwereka chimabwezedwa. Mukaidutsa galimoto ija n'kuiona yonse, kuyambira magetsi ake akutsogolo mpaka matayala, m'galasi lanu lapakati loonera kumbuyo, yatsani indiketa ya kumanzere ndi kubwerera kwanu.

Madalaivala ambiri amakhazikika kumanja chifukwa kumanzere n'kumene kuli chipwirikiti cha maminibasi oima paliponse, njinga za kabaza ndi anthu oyenda pansi amene amatsikira mu msewu. Chifukwa chimenechi n'chomveka, ndipo sindinganame kuti ine sindinakopekepo nacho. Komabe taganizirani chimene chimachitika kumbuyo kwa munthu amene akuyenda pa makilomita 40 pa ola m'leni ya kumanja. Amene akufuna kumudutsa amatsala ndi njira imodzi yokha, kulowera kumanzere, ndipo kumeneko n'kumbali kumene dalaivala wokhala pa chiwongolero cha kumanja saona bwino. Wina amatopa n'kuyamba kulumphalumpha maleni, wina amamukakamira kumbuyo akuliza hutala, ndipo msewu umene anautakasa kuti galimoto ziziyenda momasuka umasanduka wopanikiza kuposa wa Midima. Ena amanena kuti, "Ine ndikuyenda pa liwiro lovomerezeka, wofuna kuthamanga aone yekha chochita." Kugwira othamanga ndi ntchito ya apolisi a pamsewu, ndipo dalaivala amene amadzisandutsa chotchinga amangoonjezera ngozi pa ngozi inzake.

Palinso ena amene sali kumanzere kapena kumanja, koma amayenda mzere woyera uli pakati pa matayala awo. Kawirikawiri amenewa amakhala kuti sanaganize kumene akupita, kapena maso awo ali pa foni. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa msewu amavumbwitsanso anthu ena, popeza akumbuyo sadziwa mbali yoti adutsire.

Kusintha leni kuli ndi ndondomeko yake, ndipo chofunika n'chakuti chilichonse chichitike pa nthawi yake. Yambani ndi galasi lapakati, kenako la kumbali imene mukufuna kupita. Mukaona kuti mpata ulipo, yatsani indiketa ndi kuilola iphethire katatu kapena kanayi galimoto isanasunthe, chifukwa indiketa yoyatsidwa muli kale pakati pa kusuntha siuza munthu chilichonse chimene sanachione yekha. Musanapotoze chiwongolero, cheukani msanga pa phewa. Galimoto iliyonse ili ndi malo ena chakumbali, chakumbuyo pang'ono, amene magalasi onse atatu saonetsa, ndipo njinga yamoto ya kabaza imakwanamo bwinobwino pamodzi ndi wokwera wake ndi thumba la chimanga. Mukatsimikiza, sunthani mofatsa osachepetsa liwiro, ndipo mukalowa zimitsani indiketa. Kumbukiraninso kuti indiketa imapempha malo, simalamula, kotero ngati mnzanu sanakupatseni mpata, dikirani wotsatira. Pamene mzere wapakati pa maleni uli wosadukiza, monga poyandikira maloboti kapena malo owolokera anthu, khalani m'leni imene muli.

Mpata wa patsogolo panu

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri a ife timalakwitsa tsiku ndi tsiku osadziwa kuti tikulakwitsa.

Chaka china m'mwezi wa Juni ndinanyamuka ku Chitakale m'mamawa ndi kapikapu kupita ku Limbe. Nditadutsa pa boma la Thyolo ndinapezana ndi minibasi imene inkayenda bwino ndithu, koma ine ndinkaona ngati ikundichedwetsa, motero ndinaiyandikira mpaka ndinkatha kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pa chitseko chake chakumbuyo ndi kuona dengu la nthochi limene linapanikizidwa pa galasi. Chakufupi ndi Bvumbwe mayi wina anaimika dzanja m'mbali mwa msewu, kondakitala anamenya chitseko, ndipo dalaivala anaponda mabuleki nthawi yomweyo. Ndimakumbukira kuti magetsi ofiira ndinawaona, ndipo ndimakumbukiranso kuti phazi langa linali likuchoka kumene pa moto pamene ndinamva phokoso. Palibe anavulala, koma nyali yanga imodzi inasweka ndipo madzi a mu radiyeta anayenderera pa phula. Dalaivala wa minibasiyo, bambo wachikulire wa imvi, anatsika n'kuyang'ana bampala yake, kenako anandiyang'ana ine n'kunena kuti, "Achimwene, mukanangonena kuti mukufuna kukwera, malo analipo, koma osati kulowa ndi galimoto yanu yomwe." Ndinalibe choyankha, popeza wolakwa ndinali ine, ndipo pafupifupi nthawi zonse amene wagunda mnzake kumbuyo ndi amene amasenza mlandu.

Chimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti mabuleki abwino sathandiza munthu amene alibe nthawi yowaponda. Kuchokera pamene diso laona choopsa kufika pamene phazi laponda buleki pamadutsa pafupifupi sekondi imodzi kwa munthu watcheru, ndipo kwa wotopa, wocheza kapena woyang'ana foni pamadutsa nthawi yoposa pamenepo. M'sekondi imodziyo galimoto siidikira. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17, pa 80 imayenda mamita 22, ndipo pa 100 imayenda pafupifupi mamita 28, zonsezi buleki isanagwire n'komwe. Munthu amene wasiya mpata wokwana galimoto imodzi yokha, mamita anayi kapena asanu, pa liwiro la 80, ndiye kuti wagunda kale, kungoti wapatsogoloyo sanaime. Ndiye palinso mtunda umene galimoto imayenda buleki itagwira, umene sukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umenewu umawirikiza kanayi, kotero kuti galimoto imene ikanaima pa mamita khumi ikuyenda pa 40 imafuna mamita 40 ikamayenda pa 80.

Diso la munthu siliyeza bwino mamita galimoto ikuyenda, n'chifukwa chake mpata umayezedwa ndi nthawi. Sankhani chinthu chosasuntha chimene chili patsogolo m'mbali mwa msewu, kaya ndi pholo la magetsi, chikwangwani kapena mtengo wa bulugamu. Galimoto ya patsogolo panu ikangochidutsa, yambani kuwerenga masekondi, ndipo inu musachifike musanakwanitse atatu. Mabuku ambiri ophunzitsira madalaivala amatchula masekondi awiri ngati malire otsikitsitsa, koma poona mmene matayala ndi mabuleki a galimoto zathu zambiri alili, ndi mmene mbuzi ndi njinga zimatulukira mosayembekezeka, ine ndimalangiza atatu. Vuto ndi lakuti munthu akamawerenga mumtima amafulumira, choncho ndi bwino kutchula mawu otalikirapo. Ine ndimanena kuti, "Chitakale kamodzi, Chitakale kawiri, Chitakale katatu," mosathamanga, ndipo ndikafika pa pholo lija ndisanamalize, ndimachotsa phazi pa moto pang'ono mpaka mpata utakula. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti imadzisintha yokha malinga ndi liwiro. Pa 60 masekondi atatu ndi mamita 50, pa 80 ndi pafupifupi mamita 67, ndipo pa 120 ndi mamita 100, kutalika kwa bwalo la mpira. Ambiri akayesa koyamba amadabwa kuona kuti zaka zonsezi akhala akuyenda ndi sekondi imodzi kapena yosakwana.

Mudzamva wina akudandaula kuti mukasiya mpata wotere mu Chipembere, galimoto ina imalowapo nthawi yomweyo. Zimenezi n'zoona, ndipo imalowadi. Ikalowa, bwererani m'mbuyo pang'ono ndi kupanganso mpata wina. Ngakhale galimoto khumi zitakulowererani pakati pa Limbe ndi Ginnery Corner, mwataya masekondi 30 okha, nthawi yosakwana n'komwe kudikira loboti imodzi.

Masekondi atatu ndi a tsiku louma, masana, galimoto yopepuka. Msewu ukanyowa awirikizeni. Mvula yoyamba ya dzinja ndi yoopsa kuposa yapakati pa nyengo, chifukwa imasakaniza fumbi ndi mafuta amene akhala akudonthera pa phula chilimwe chonse, ndipo m'misewu yodutsa m'minda ya tiyi mathirakitala amatulutsira matope ofiira pa phula amene amaterera ngati therere. Onjezeraninso mpata mukanyamula katundu wolemera, monga pikapu yodzaza ndi zinanazi kapena matumba a nandolo, komanso pamene mukutsika zitunda za ku Thyolo, pomwe ndi nzeru kutsitsa giya kuti injini ithandize kugwira galimoto m'malo mokhalira kuponda mabuleki mpaka atatentha. Kumbuyo kwa njinga yamoto siyani mpata waukulu koposa, popeza wokwera wake akagwa chimene chimatsala patsogolo panu ndi thupi la munthu. Kumbuyo kwa thiraki nakonso musayandikire. Ngati simukuona magalasi ake a m'mbali, dalaivala wake sakukuonani, ndipo inu simukuona chilichonse cha patsogolo pake. Kuyandikira lole pofuna kuidutsa kumachepetsa chimene mukuona, pamene kubwerera m'mbuyo kumakutsegulirani msewu wonse ndi kukupatsani malo otengera liwiro.

Mukaima pa mzere wa galimoto, pa loboti kapena pa chipata cha apolisi, imani pamene mukuonabe matayala akumbuyo a galimoto ya patsogolo akukhudza phula. Mukatero mudzatha kutuluka ngati yazima, ndipo siidzakugundani ikabwerera pang'ono ponyamuka pa chitunda.

Wina akakukakamirani kumbuyo

Izi zidzakuchitikirani ngakhale mukuyendetsa bwino chotani. Mudzayang'ana m'galasi n'kuona bonati yokha, nambala yake osaoneka chifukwa chakuyandikira, mwina akukuphethirirani magetsi. Mtima umafuna kuchita chimodzi mwa ziwiri, kuthamanga kuti mumuthawe kapena kugunda buleki kuti aphunzire. Zonse ziwiri n'zolakwika. Mukathamanga amathamanga nanu, ndipo tsopano muli awiri pa liwiro limene inu simunalisankhe. Mukagunda buleki dala mukhoza kuchititsa ngozi imene idzapweteke khosi lanu lomwe ndi ana amene akhala pa mpando wakumbuyo.

Choyamba dzifunseni ngati muli m'leni yoyenera, chifukwa nthawi zina wolakwa woyamba ndi inu. Ngati muli kumanja popanda chifukwa, yatsani indiketa ndi kubwerera kumanzere mpata ukapezeka. Ngati muli pakati podutsa galimoto ina, malizani modekha kenako mupatseni njira. Ngati muli kale kumanzere, kapena muli pa msewu wa leni imodzi mbali iliyonse ngati M2, chitani chinthu chimene poyamba chimaoneka chosamveka, ndicho kukulitsa mpata wa patsogolo panu mpaka masekondi anayi kapena asanu. Popeza wakumbuyoyo alibe nthawi yoimira, inu mumamusungira nthawiyo patsogolo, kuti chinachake chikachitika muime pang'onopang'ono iye n'kukhala ndi mwayi wokuonani. Mpata womwewo umamupatsanso malo olowapo akakudutsani. Pamalo owongoka ndi ooneka bwino chepetsani liwiro pang'ono kuti adutse msanga, koma musatsikire m'mbali mwa msewu pamene pali anthu ndi njinga pofuna kumusangalatsa. Akamadutsa musamuyang'ane, musamulozere chala, ndipo musatsitse galasi kuti mumuuze maganizo anu. Simukudziwa ngati wathamangira ku chipatala kapena wachokera ku mowa, ndipo pa zonse ziwirizi ndi bwino akhale patsogolo panu kusiyana ndi kumbuyo.

Chiperoni ndi usiku

Ife a ku Thyolo ndi Mulanje chifunga timachidziwa kuposa anzathu ambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chimatha kuphimba msewu kwa masiku angapo ndi kamvula kowaza. M'chifunga madalaivala amakonda kukakamira magetsi ofiira a galimoto ya patsogolo ngati mwana wogwira chitenje cha amayi ake pa msika, poganiza kuti iwo akuona njira. Wapatsogoloyo akuona zochepa ngati inu nomwe, ndipo akaphonya khona mudzapita naye limodzi. Yendani pa liwiro loti mukhoza kuima mkati mwa mtunda umene mukuona ndi maso anu. Yatsani magetsi a dimu ngakhale masana, osati a fulu, chifukwa a fulu amagunda chifunga n'kubwerera m'maso mwanu. Mahazadi asungireni nthawi imene mwaima kapena pamene mukuchenjeza akumbuyo kuti patsogolo galimoto zaima mwadzidzidzi, popeza mukamayenda nawo indiketa yanu imasowa tanthauzo. Usiku dimani magetsi pokumana ndi galimoto ina, komanso pamene mukutsatira mnzanu, chifukwa magetsi a fulu amamuthobwa kudzera m'magalasi ake.

Pa raundabauti

Mu Chipembere muli maraundabauti angapo, monga ya ku Chichiri, ndipo ndi pamene kusasunga leni kumaonekera poyera. Galimoto yochokera kumanja kwanu, imene ili kale mkati, ndiyo imayamba. Sankhani leni mukadali patali: ngati mukukhotera kumanzere khalani kumanzere, ngati mukuzungulira kupita kumanja khalani kumanja, ndipo ngati mukupitirira kutsogolo leni ya kumanzere ndiyo yosavuta, pokhapokha mivi yojambulidwa pa phula ikanena zina. Mukadutsa potulukira pomaliza musanafike panu, yatsani indiketa ya kumanzere. Mukapezeka m'leni yolakwika, zungulirani kachiwiri m'malo modula kutsogolo kwa anzanu. Thiraki yaitali ipatseni malo ndipo musayende pambali pake mkati mwa raundabauti, chifukwa ngolo yake imadula khona.

Kwa opita kunja

Achinyamata ambiri a kuno amatumidwa kukatenga galimoto kapena katundu ku South Africa, ndipo akawoloka pa Beitbridge amalowa mu N1, msewu wodutsa ku Polokwane ndi Pretoria kukafika ku Johannesburg. M'zigawo zake zikuluzikulu liwiro lovomerezeka ndi makilomita 120 pa ola, kutanthauza mamita 33 pa sekondi iliyonse, ndipo pakati pa Pretoria ndi Johannesburg maleni amachuluka mbali iliyonse. Mfundo yake ndi yomwe ija, kukhala kumanzere ndi kudutsira kumanja, koma pali zinthu ziwiri zachilendo kwa ife. Choyamba ndi kalowedwe. Msewu wotere mumalowera pa kanjira kotsetsereka kamene ntchito yake ndi kukupatsani mtunda wotengera liwiro, choncho muyenera kufika kumapeto kwake mukuyenda mofanana ndi galimoto za mu msewu waukulu, indiketa itayaka, mutasankha kale mpata wolowamo. Munthu amene amafika pamenepo n'kuima ngati ali pa mphambano ya Luchenza amadziika pa ngozi yaikulu. Chachiwiri ndi katulukidwe. Zikwangwani zimayamba kukuuzani mukadali kutali, kotero samukirani kumanzere msanga, leni imodzi pa nthawi, ndipo liwiro mukachepetsere m'kanjira kotulukira. Mukaphonya potulukira pitirirani mpaka potsatira. Kubwerera chambuyo kapena kudula maleni atatu nthawi imodzi ndi zinthu zimene zimapha anthu.

Ulemu umene lamulo silingaulembe wonse

Pali chinenero china chimene madalaivala a m'chigawo chino cha Africa amalankhulana ndi magetsi. Wa thiraki akayatsa indiketa ya kumanja inu muli kumbuyo kwake pa msewu wa leni imodzi, kawirikawiri akukuuzani kuti musadutse, kukubwera galimoto, ndipo akayatsa ya kumanzere akutanthauza kuti kwayera. Amene wapatsidwa njira amathokoza pophethiritsa mahazadi kawiri. Ndi mwambo wabwino, koma si lamulo, ndipo dalaivala amene wayatsa indiketa ya kumanzere mwina akufunadi kuima kapena akupewa njinga. Chenjezo loti musadutse limvereni nthawi zonse, koma chilolezo choti mudutse chitsimikizeni ndi maso anu.

Pamene maleni awiri akusanduka imodzi, kaya chifukwa chokonza msewu kapena ngozi, lolani galimoto imodzi ilowe patsogolo panu, wakumbuyo kwanu alolenso imodzi, ndipo mzere wonse umayenda. Kutsekereza mnzanu pomamatira bampala ya wapatsogolo sikukufikitsani msanga kulikonse. Pa mphambano yodzaza musalowe pakati ngati kutsidya kulibe malo, chifukwa loboti ikasintha mudzatsekera anthu a mbali inayo. Ambulansi kapena galimoto ya ozimitsa moto ikamalira kumbuyo, yang'anani m'galasi, yatsani indiketa ndi kupatukira kumanzere mofatsa, ndipo ikadutsa musaithamangire kumbuyo ngati kuti yakutsegulirani inu njira. Mukaona masamba ataikidwa pa msewu, chepetsani liwiro, popeza kwathu kuno amatanthauza maliro kapena galimoto yowonongeka patsogolo.

Pa msewu wa maleni awiri mbali iliyonse pali msampha wina umene pa M2 kulibe. Galimoto ya m'leni inayo ikachepetsa liwiro kapena kuima popanda chifukwa chooneka, makamaka pafupi ndi malo owolokera anthu, musaidutse ndi liwiro lanu lomwelo. Nthawi zambiri yaimira munthu amene inu simukumuona, ndipo munthuyo, poona kuti wapatsidwa njira, akubwera kudzatulukira m'leni yanu. Chimodzimodzinso minibasi yoima, imene kutsogolo kwake kumatulukira anthu ongotsika kumene. Wa njinga mudutseni ndi mpata woposa mita imodzi, ndipo ngati mpatawo palibe dikirani kumbuyo kwake. Hutala ilizeni pang'ono mukadali patali, osati mutamufika, chifukwa wodzidzimuka amagwera mbali iliyonse.

Galimoto yanu ikawonongeka, ikankhireni kunja kwa leni ngati n'kotheka, yatsani mahazadi, ndipo ikani matirayango ofiira kutsogolo ndi kumbuyo patali ndithu, osati pa bampala pomwe. Okwera onse atsikire mbali ya kumanzere ndi kukaima kutali ndi phula. Ngati mwathyola nthambi kuti zichenjeze anzanu, kapena mwaika miyala ku matayala, zichotseni ponyamuka, chifukwa mwala wosiyidwa pa msewu usiku umagwetsa wa njinga yamoto.

Pobwerera kumudzi samalani ndi makilomita oyambirira mukangotuluka mu Limbe. Thupi limene lazolowera msewu wotakata limaiwala msanga kuti leni ya kumanja tsopano ndi ya galimoto zobwera, ndipo kwa amene wachokera ulendo wautali wa mu N1 liwiro la 80 limamveka ngati kuyenda pansi. Podutsa ku Chigumula kapena ku Bangwe yang'anani pa sipidomita m'malo mokhulupirira mmene mukumvera, tsatirani zikwangwani za liwiro pa malo amalonda, ndipo pofika pa Bvumbwe, pamene ogulitsa kabichi ndi tomato amathamangira galimoto iliyonse yochepetsa liwiro, sankhani pholo limodzi ndi kuwerenganso masekondi anu atatu.